Kodi "strive" ndi "try" n'chimodzimodzi, ndipo nthawi yakale ndi "strove" kapena "strived"?

Mlembi wa kalabu ya alimi, Ntcheu

Ndikupempha thandizo kwa inu amene mumadziwa bwino Chingerezi cholembedwa. Ine ndine mlembi wa kalabu ya alimi a mbatata ya kachewere, ndipo nyengo yokolola ikatha timatumiza lipoti la m'Chingerezi ku bungwe limene limatikongoza mbewu ndi feteleza. M'lipoti la chaka chino ndalemba chiganizo chakuti "The committee strove to recover all the loans before the end of June", pofuna kunena kuti akomiti anayesetsa kutolera ngongole zonse mwezi wa Juni usanathe. Wapampando wathu atawerenga anati mawu akuti "strove" m'Chingerezi mulibe, ndipo akufuna kuti ndilembe "strived". Msungichuma naye akuti zonsezi n'kungodzivutitsa, tingolemba "tried" chifukwa tanthauzo lake ndi lomwelo.

Ndikufuna kudziwa kuti pakati pa "strove" ndi "strived" cholondola n'chiti, komanso ngati n'zoona kuti "strive" ndi "try" amanena chinthu chimodzi, chifukwa ine ndikamawerenga ndimamva ngati "strive" ndi wolemererapo, ngakhale kuti sindingathe kufotokoza bwino kulemera kwakeko. Ndaonanso kuti ena amalemba "strive to" pamene ena amalemba "strive for", ndiye mundiuzeko ngati pali lamulo pamenepa. Lipotili liyenera kutumizidwa sabata yamawa, ndipo sindikufuna kuti lichoke komiti isanamvane.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Zomba

Alembi, musafufute chimene mwalembacho. "Strove" ndi wolondola, ndipo ndi amene mabuku otanthauzira mawu amayambira kutchula akamapereka nthawi yakale ya mneniyu. Kasinthidwe kake ndi "strive", "strove", "striven", mofanana ndi "drive", "drove", "driven". Komabe wapampando wanu sanaphonye kotheratu, chifukwa "strived" nayenso ndi wovomerezeka ndipo amapezeka m'nyuzipepala ndi m'mabuku, makamaka pambuyo pa "has" kapena "have", monga m'chiganizo chakuti "We have always strived to pay on time". Pamene aphonya ndi pakuti "strove" kulibe. M'lipoti lopita ku ofesi ine ndikanasankha "strove" ndi "striven", koma chachikulu n'chakuti mukasankha njira imodzi muitsate mpaka lipoti lithe, osati "strove" pa tsamba loyamba kenako "strived" pa tsamba lachitatu.

Kuti njira zikhale ziwiri chonchi, gwero lake lili m'mbiri ya mawuwa. Mneniyu sanabadwire m'Chingerezi. Anachokera ku Chifalansa chakale, ku mneni wakuti "estriver" amene ankatanthauza kukangana kapena kulimbana, ndipo analowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1200, nthawi imene Chifalansa chinali chilankhulo cha olamulira ndi cha m'makhoti ku England kutsatira kugonjetsedwa kwa dzikolo ndi Anomani, anthu ochokera kumpoto kwa France, mu 1066. Aneni pafupifupi onse amene Chingerezi chinabwereka ku Chifalansa amangolandira "-ed" kumapeto akamanena zakale, monga "arrive" amene amakhala "arrived", ndipo palibe amene amati "arrove". Koma "strive" anapatukako, chifukwa anthu pomumva akufanana ndi aneni akale a Chingerezi monga "drive" anayamba kumusintha ngati iwowo. Ndiye kuti "strived" akutsata kumene mawuwa anachokera, "strove" akutsata mmene eni chilankhulo anawazolowerera, ndipo awiriwa akhala akuyendera limodzi kwa zaka mazana ambiri. Powerenga mokweza pa msonkhano, kumbukirani kuti "i" wa mu "striven" ndi wamfupi ngati wa mu "given", satalika ngati wa mu "strive".

Pa nkhani ya "to" ndi "for", lamulo lilipo ndipo si lovuta. "Strive" ndi mneni wosayambukira, kutanthauza kuti salandira pamtherankhani mwachindunji, choncho simungalembe kuti "We strive quality". Ngati chikubwera pambuyo pake ndi mneni, mumaika "to", monga momwe mwachitira m'chiganizo chanu chija. Ngati ndi dzina, mumaika "for", monga "We strive for better prices". Pamene mukunena za chinthu chimene mukulimbana nacho, mumaika "against", monga "strive against poverty", ndipo "towards" amagwira ntchito pamene cholingacho chili patali ndipo mukuchiyandikira pang'onopang'ono. Zolakwika ziwiri zimene ndinkazipeza kawirikawiri m'zimangirizo za ophunzira a Fomu 4 ndi "strive improving" ndi "I will strive my best". Choyambacho chimafuna "strive to improve", ndipo chachiwiricho n'kusakaniza ndi "try my best" kapena "do my best", amene ndi mawu okhazikika ndipo salola kuti "strive" alowemo.

Womasulira mabuku, Lilongwe

Aphunzitsi afotokoza mokwanira za kasinthidwe ka mneniyu, ndiye ine ndiyankhe msungichuma, amene ndikuona kuti sanalondole. Kulemera kumene mukukumva, alembi, kulipodi, ndipo chilankhulo chathu chomwe chimatithandiza kukuona. Ife timasiyanitsa kuyesa ndi kuyesetsa, monganso timasiyanitsira kugwira ndi kugwiritsa kapena kumva ndi kumvetsa, pongotalikitsa mneni kuti asonyeze mphamvu. Chingerezi chilibe njira imeneyi, choncho chimagwiritsa ntchito mawu osiyana. "Try" ndi wa ntchito zambiri: amanena za kulawa ndiwo, kuyesa nsapato pamsika, kukankha chitseko kuti uone ngati chili chokiya, ngakhalenso kuzenga mlandu kukhoti. "Strive" sangalowe pa malo amodzi mwa amenewa. Iye amafuna kuti khamalo likhale la nthawi yaitali, cholinga chikhale chachikulu kapena cholemekezeka, ndipo pakhale zopinga zimene munthu akulimbana nazo. Munthu akalemba kuti "I strove to open the window", mwini chilankhulo amamwetulira, chifukwa zili ngati kuvala suti ndi taye popita kukathirira kudimba.

Pano ndiye pali msampha umene umatikola ife omasulira. Ngakhale kuti "strive" ndi kuyesetsa, si kuyesetsa kulikonse kumene kuli "strive". M'Chichewa kuyesetsa ndi mawu a tsiku ndi tsiku, moti munthu woitanidwa ku chinkhoswe amayankha kuti ndiyesetsa kubwera, ndipo palibe amene amamva ngati walankhula zapamwamba. M'Chingerezi yankho lomwelo ndi "I will try to come" kapena "I will do my best to come". Ine ndikamamasulira ndimadzifunsa ngati m'chiganizocho ndingathe kuikamo mawu akuti kuchita khama, kulimbikira kapena kumenyera nkhondo popanda kukokomeza. Ngati zikutheka, "strive" akhoza kukhala pamalo pake. Kuyenda khomo ndi khomo kwa miyezi kutolera ngongole kwa alimi amene mbatata yawo yagwa mtengo ndi ntchito yoyenera mawuwa, choncho chiganizo chanu sichinakokomeze.

Koma pali chinthu china chofunika kuposa galamala, ndipo ndikufunseni mwachindunji: kodi ngongolezo zinatoledwa zonse? Ndikufunsa chifukwa chakuti "strove to recover" ndi "tried to recover" onse amanena za khama lokha, sanena za zotsatira, ndipo wowerenga amene anazolowera malipoti akaona mawu otere m'nthawi yakale amayamba kuganiza kuti ntchitoyo sinatheke. "Tried" ndiye amapereka ganizo limeneli mwamphamvu kwambiri, moti msungichuma akadziwa zimenezi sangaumirirenso mawu akewo. "Strove" amalemekeza khama la akomiti, koma nayenso amasiya funso lili pomwepo. Ngati munatolera zonse, lembani kuti "The committee recovered all the loans before the end of June", kapena "managed to recover" ngati mukufuna kuti zimveke kuti sizinali zophweka. Ngati zina zatsala, siyani "strove" pamalo pake, koma chiganizo chotsatira chinene ndalama zimene zatoledwa ndi zimene zatsala, chifukwa mkulu wa ku bungweko adzafuna chiwerengerocho, ndipo akapanda kuchipeza adzaganiza kuti mawu okongolawo aikidwa kuti abise china chake.

Wogwira ntchito mu hotela, Johannesburg

Ine si katswiri wa galamala, koma ndimakhala pakati pa anthu olankhula Chingerezi tsiku lonse, ndipo ndikhoza kuchitira umboni zimene amayi omasulira anenazi. Pocheza, pa foni kapena pa msonkhano wa m'mawa wa ogwira ntchito, "strive" samveka. Kumene ndimamuona ndi pa zikwangwani za m'maofesi, pa zipata za masukulu ndi m'makalata opepesa makasitomala, momwe mumalembedwa kuti "We strive for excellence" kapena "We strive to respond within two days". Chifukwa chakuti makampani amawagwiritsa ntchito kwambiri motero, mawuwa anayamba kusuluka, ndipo kasitomala wochenjera amadziwa kuti kampani imene yalemba "we strive to respond" sinalonjeze kuti iyankha.

Chinanso chimene ndimachiona kwa abale athu ofunsira ntchito kuno n'kusokoneza "strive" ndi "thrive". Munthu amalemba m'kalata yake kuti "I strive under pressure" pofuna kunena kuti ntchito ikachuluka ndi pamene amachita bwino, chikhalirecho mawu oyenera ndi "I thrive under pressure". "Thrive" ndi kukula bwino kapena kuchita bwino, monga mbewu imene yapeza nthaka yabwino, pamene "strive" ndi khama la munthu amene sanafike kumene akufuna. Mawuwa amamveka mofanana koma amasiyana kwambiri, ndipo wolemba anthu ntchito amaona kulakwitsaku msanga. Ku Zimbabwe mawuwa amakhalanso dzina la munthu, ndipo wodziwika kwambiri ndi Strive Masiyiwa, amene anayambitsa kampani ya mafoni ya Econet atalimbana ndi boma la dzikolo m'makhoti kwa zaka zingapo kuti apatsidwe chilolezo.

Mlaliki, Nkhoma

Ndithirirepo ndemanga pa zimene aphunzitsi anena zakuti mneniyu poyamba ankatanthauza kukangana, chifukwa tanthauzo limeneli silinafe kwa ife amene timawerenga Baibulo la Chingerezi la King James, lomwe linatuluka mu 1611. Pa Luka 13:24 pali mawu akuti "Strive to enter in at the strait gate", ndipo apa tanthauzo ndi lomwe tikukambiranali, kuyesetsa kulowa pa khomo lopapatiza. Koma pa 2 Timoteo 2:24 Baibulo lomwelo likuti "the servant of the Lord must not strive". Munthu amene amadziwa tanthauzo la masiku ano lokha angaganize kuti mtumwi akuletsa mtumiki wa Ambuye kuchita khama, pamene chimene akuletsa ndi kukangana ndi anthu. M'Chigiriki mavesi awiriwa ali ndi aneni awiri osiyana, wina wa kulimbikira ngati wa pa mpikisano, wina wa kumenyana, koma omasulira a nthawi imeneyo anawapatsa mawu amodzi chifukwa "strive" ankanyamula matanthauzo onse awiri. N'chimodzimodzinso pa Eksodo 2:13, pamene Mose anapeza Ahebri awiri akumenyana, ndipo mawu ake ndi "strove together". Lero munthu akamva "strove together" angaganize za anthu ogwirizana pa ntchito, pamene apo akunena za ndewu.

Wapampando wanu angakondwere kumva kuti Baibulo lomweli lili ndi mitundu yonse imene mukukanganirana. "Strove" ali pa vesi la Eksodo ndatchulali, "striven" ali pa Yeremiya 50:24, ndipo "strived" ali pa Aroma 15:20, pomwe Paulo akunena za khama lake lolalikira uthenga kumene Khristu anali asanatchulidwe. Ngati buku limodzi la zaka zoposa 400 linalandira onse atatu, komiti yanu isapatukane chifukwa cha nkhaniyi. Chimene ndingachenjeze n'chakuti mupewe kulemba "strive with" pofuna kunena kuti munagwira ntchito limodzi ndi ena, chifukwa kwa wowerenga wodziwa Chingerezi chakale "we strove with the village head" akutanthauza kuti munalimbana ndi amfumu.

Kalaliki wa ofesi ya maloya, Blantyre

Popeza kalabu yanu imasainirana mapangano a ngongole, ndikuona kuti n'koyenera kutchulako mbale wake wa "strive", amene ndi "endeavour". Ameneyu ndi wa m'makalata a boma ndi a m'maofesi, ndipo amasiyana ndi "strive" chifukwa alibe kutentha kwa mtima kapena kulimbana. Amangonena mwaulemu kuti tichita zimene tingathe. Gwero lake ndi mawu akale otanthauza udindo, ochokera ku Chifalansa "devoir". Kuno timatsata kalembedwe ka ku Britain kokhala ndi "u", pamene ku America amalemba "endeavor". Iye ali ndi mwayi wina umene "strive" alibe, wakuti amagwiranso ntchito ngati dzina, ndipo m'pamene amalowera m'malamulo.

M'mapangano olembedwa motsata malamulo a ku England, amene makhoti athu amayang'anako kawirikawiri, mumapezeka mawu akuti "best endeavours" ndi "reasonable endeavours", ndipo awiriwa salemera mofanana. Achiwiriwo amalola munthu kuganizirako phindu lake posankha zoti achite, pamene oyambawo amamumanga kwambiri, mwina mpaka kuwononga ndalama zake. Mu 2012 khoti la apilo la ku England linaweruza mlandu wa pakati pa kampani ya ndege ya Jet2 ndi eni bwalo la ndege la Blackpool. Eni bwalowo anali atalonjeza "best endeavours" pothandiza kuti maulendo otsika mtengo a kampaniyo aziyenda bwino, kenako anafuna kuleka kulandira ndege zofika kapena zonyamuka kunja kwa maola awo ogwirira ntchito chifukwa zinkawadyera ndalama. Oweruza ambiri pa mlanduwo anagamula kuti lonjezolo linawamanga, ndipo sakanatha kungoleka chifukwa chakuti akuluza.

Ndiye m'lipoti lembani "strove" mmene mukufunira, chifukwa lipoti likungofotokoza zimene zinachitika. Koma pangano la chaka chamawa likabwera, muliwerenge mofatsa. Ngati likuti kalabu "shall recover" ngongole zonse, ndiye kuti mwalonjeza zotsatira, ndipo khama lanu silidzakuombolani zikakanika. Ngati likuti kalabu "shall use reasonable endeavours to recover", mwalonjeza khama loyenera basi. "Strive" sindimupeza m'ndime zomanga anthu za mapangano amene amadutsa pa desiki panga, ndipo akapezeka amakhala m'mawu otsogolera ofotokoza zolinga za mbali ziwirizo.

Mlembi wa kalabu ya alimi, Ntcheu

Zikomo kwambiri nonse. Kuyankha funso la amayi omasulira, ngongole zambiri zinatoledwa koma mamembala ochepa sanamalize kubweza, choncho ndisiya "strove" ndipo ndiwonjezera chiganizo cha ndalama zimene zatsala monga mwandilangizira. Wapampando ndawawerengera mavesi amene abusa atchula ndipo avomera. Chatsala ndi chimodzi. Gawo limeneli la lipoti likufunika mutu, ndipo ndimaganiza zolemba kuti "Our Strife to Recover Loans", poona kuti "strife" akuoneka ngati dzina lochokera ku "strive", monga "belief" ndi "believe". Kodi mutu umenewu uli bwino?

Mphunzitsi wopuma pa ntchito, Zomba

Mutu umenewo musaulembe, alembi. Mwaona bwino kuti "strife" ndi "strive" ndi apachibale, ndipo ubale wawo ndi wofananadi ndi wa "belief" ndi "believe" kapena "proof" ndi "prove". Vuto ndi lakuti pamene mneni anasuntha n'kuyamba kutanthauza khama, dzina linatsalira pa tanthauzo lakale lija abusa afotokoza. Lero "strife" ndi mikangano, udani kapena ziwawa, ndipo n'chifukwa chake nyuzipepala zimalemba "civil strife" zikamanena za chipwirikiti cha m'dziko, ndi "industrial strife" zikamanena za kusamvana kwa mabwana ndi antchito. Mkulu wa ku bungwe akaona mutu wanuwo adzaganiza kuti potolera ngongole panabuka ndewu pakati pa akomiti ndi alimi, ndipo mwina adzatumiza munthu kuti adzafufuze.

Dzina limene limanyamula tanthauzo la khama kuchokera ku mneniyu ndi "striving", koma limakhala bwino m'ndakatulo ndi m'maulaliki kusiyana ndi m'lipoti la ngongole ya feteleza. Lembani kuti "Efforts to Recover Loans", kapena mwachidule "Loan Recovery", kenako chiganizo chanu cha "strove" chibwere pansi pake pamodzi ndi ziwerengero zimene msungichuma akupatseni kuchokera m'buku lake.